Ndinavinitsa Nkhalamba Patsinde pa Phiri la Madzi Oundana

Iwe Tadala, ukuti lero susamba chifukwa kwazizira? Ha! Kamphepo ka mwezi wa Juni aka, kamene kamafika pano pa Phalula katatopa kale ndi mapiri a ku Ntcheu, ndiye n'kumati kuzizira? Bwerani kuno nonse, mukhale pamkekapa dzuwa lizikuwombani kumsana. Chisomo, tenga lichero ilo, manja aziswa mtedza makutu akumva. Yamikani, foniyo ika m'thumba, siithawa. Ndikuuzeni za kuzizira kwenikweni, kumene kunafuna kundilanda ntchito ndi ulemu womwe, koma ine n'kukugwetsa chagada.

Inu mumandidziwa ngati gogo wandodo, wokonda kuwodzera pansi pa mtengo wamango. Koma zala izi zionetsetseni. Zinayamba kukanda nsambo ndili wamng'ono kuposa Yamikaniyu. Banjo yanga yoyamba ndinakhoma ndekha: chitini cha mafuta, thabwa la chitseko chakutha, nsambo ndinachita kusolola ku mabuleki a njinga ya amalume. Amalumewo anazindikira ali pamtsetse wa ku Rivirivi kuti njinga ilibe mabuleki. Za zimene zinandichitikira madzulo ake, tisiye, matako anga amakumbukirabe.

Inu masiku ano mumangodina foni nyimbo n'kutuluka. Ife nyimbo tinkachita kuisaka ngati mbewa. Wailesi inali imodzi mudzi wonse, kwa aphunzitsi a katekisimu. Ukamva nyimbo kamodzi, unkathamanga nayo ili m'mutu mpaka kudambo, osalankhula ndi munthu panjira kuopa ingatayike, n'kukaiyesa pa banjo mbuzi zikumvetsera. Ndi mmene makutu anga anaphunzirira kugwira nyimbo iliyonse.

Nditakula ndinapeza gitala yeniyeni, tinapanga bandi ndi anzanga. Tinkakwera sitima yapamtunda pa Balaka, ng'oma pamutu, kukayimba m'maukwati mpaka ku Liwonde ndi ku Nayuchi. Malipiro nthawi zina inali nkhuku ndi chigubu cha thobwa, koma tinkayenda ngati mafumu. Agogo anu aakazi, a Nachisale, ndinawapeza pa ukwati wina ku Ulongwe. Anthu onse ankavina, iwo okha ataima poteropo manja atapinda pachifuwa. Ndinawapekera nyimbo pomwepo, ndikuwayang'ana m'maso, mpaka phazi lawo linayamba kugunda pansi lokha. Iwe Chisomo usaseke, ukawafunse. Akana, koma ukawafunse.

Kenaka nyengo inasintha. Kunabwera makiyibodi ndi makompyuta. Mnyamata mmodzi wokhala ndi zokuzira mawu ziwiri ankatha ukwati wonse yekha. Bandi yathu inabalalika, wina ku ulimi wa thonje, wina kumanda. Ine imvi zitayamba kale, anthu ankandiloza ndi milomo kuti, "Si uja ankayimba uja?" Mawu akuti "ankayimba" amenewo ankandilasa kuposa minga. Tsiku lina ndinawauza agogo anu kuti ndikupita ku Joni ndi gitala yanga.

"Pa msinkhu wanuwu, bambo a Malita?" anandifunsa, akunditchula ndi dzina la mayi anuwa. "Anzanu akubwerako, inu ndiye muzipita?"

Ndinati, "Ndikakhala pano ndifa ndikuyenda."

Anangodzuka n'kukandikazingira mtedza ndi chimanga cha pa ulendo.

Za ku Joni ndidzakuuzani tsiku lina, zilipo zambiri ndipo zina si za ana. Chofunika n'chakuti ndinakathera ku Kepitawuni, kumene ndinkakhala pafupi ndi doko n'kumayimbira alendo odutsa. Tsiku lina ndikuyimba nyimbo ya kwathu, ndinangomva kumbuyo kwanga munthu akuti, "Achimwene, kumudzi n'kuti?" Kutembenuka, ndinaona bambo wamfupi, wa kandevu kosongoka ndi kachisoti koyera. Anali Che Yusufu a ku Ntaja, ophika m'sitima yaikulu yapamadzi yonyamula anthu oyenda ulendo wokaona maiko. Tinakumbatirana ngati tinabadwa bere limodzi. Iwo ndiwo anandiuza kuti woyimba gitala m'bandi ya m'sitimamo wasiya ntchito, ndipo anandiperekeza kwa woyang'anira zoyimbayimba, mayi wina wamtali dzina lake Helena. Mayiyo anandiyimbira nyimbo zingapo pa makina, ine n'kumazibweza pa gitala monga ndinkachitira kudambo kuja. Anagwedeza mutu n'kundilemba ntchito.

Ana inu, sitima imeneyo musaiyerekeze ndi mabwato a pa Shire. Mutatenga msika wonse wa Balaka, tchalitchi, chipatala ndi sitolo zonse, n'kuzisanjikiza pamwamba pa zinzake, mwina mungayandikireko. Munali misewu m'kati, munali dziwe losambira padenga, munali ndi kachipinda kokwera ndi kutsika kokha. Sabata yoyamba ndinkasochera tsiku ndi tsiku. Mafunde atayamba, m'mimba mwanga munatembenuka ngati mwalowa mtondo ndi munsi womwe. Che Yusufu ankandipatsa jinja kuti ndizitafuna, akuseka. "Mwana wa kumtunda, pirirani. Nyanja imayamba yakuyesani kaye."

Nyengo yotentha itatha kumwera, sitima inaloza kumpoto. Tinayenda masabata, kudutsa maiko otentha, kudutsa Ulaya, mpaka kumtunda kwa dziko la Norway ndi kupitirira. Madzi anasanduka akuda bii. Mitengo inayamba kufupika, kenaka inatheratu, kunangotsala miyala ndi mapiri ovala zoyera. Ndinaona anamgumi, nsomba zazikulu kuposa basi, akupuma utsi wamadzi m'mwamba. Ndipo dzuwa, ana inu, linaleka kulowa. Linkangozungulira m'mphepete ngati mbuzi yomangidwa pachikhomo. Iwe Yamikani ukuti ndikunama? Nanga ya pafoni ija umakhulupirira bwanji? Amene anavutika nalo ndi Che Yusufu, poti mwezi wa Ramazani unawapeza komweko. Munthu umasula bwanji swaumu, kusala kudya kuja, dzuwa likukana kulowa? Anafunsa kwa mashehe awo, n'kumatsata wotchi ya kwawo. Nthawi ikakwana ankati, "Ku Ntaja lalowa," n'kumwa madzi dzuwa likuwawala pamphumi.

Ntchito yathu inali yoyimba madzulo m'chipinda chodyera, motentha bwino, nyimbo zachizungu zoziziritsa mtima kuti anthu ameze bwino chakudya. Zimenezo sizinandivute. Koma panali mwambo wina. Ulendo uliwonse sitima inkalowa pakati pa mapiri n'kukaima patsogolo pa chikhoma chachikulu cha madzi oundana, chachitali ngati phiri, choyera mosakanikira ndi kubiriwira. Alendo onse ankakwera padenga kukaona, ndipo bandi inkayenera kuyimba panja pomwepo.

Tsiku loyamba ndinakwera ndikudzithemba. Nyimbo yoyamba isanafike pakati, zala zanga zinafa. Ndikunena kufa, ana inu. Ndinkaziona ndi maso zili pa nsambo, koma zinali ngati mitengo ya chinangwa youma ya munthu wina. Ndikazituma kuno, zinkapita uko. Gitala inayamba kulira ngati mphaka wopondedwa mchira. Woyimba wathu wamkazi anasokonezeka, alendo anatembenuka kundiyang'ana, ena akugwira pakamwa. Ndinangosiya, n'kuima chilili mpaka anzanga anamaliza okha.

Mayi Helena anandiitana ku ofesi. Sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Anati, "Sitefano, m'kati umayimba bwino. Koma ntchito iyi ndi ya m'kati ndi panja pomwe. Ulendo wotsatira tidzabweranso pano. Zikadzachitikanso, tikafika padoko lalikulu udzatsika, tidzakukweza ndege ya kwanu."

Ndinapita kukhitchini. Ndinkaona kale ndikutsika minibasi pano pa Phalula, anthu akunong'onezana kuti, "Uja ankayimba uja, amubweza." Che Yusufu anandimvetsera akusenda anyezi.

"Kwanu kuja mukamapita kubusa m'mawa wa Juni, manja munkafunditsa ndi chiyani?" anandifunsa.

Ndinati, "Mbatata yootcha. Amayi ankatiponyera m'thumba la kabudula."

"Basitu. Mbatata ya kholowa kuno kulibe, koma kachewere ali mbwee. Inu muzikwera padenga m'mawa uliwonse, muziyimbira mbalame. Zala zikafa, m'thumba. Zikadzuka, pa nsambo. Thupi ndi kapolo, achimwene, limazolowera."

Ndinayamba mawa lake lomwe. Alendo asanadzuke ndinkatenga kachewere wowotcha muuvuni, wina thumba ili wina thumba ili, n'kukwera padenga ndi gitala yanga yakale yosafuna magetsi. Poyamba zala zinkafa ndisanamalize ndime imodzi, ndipo pobwerera moyo zinkapweteka ngati wazimenya ndi hamala. Misozi inkatuluka n'kuumira m'masaya. Anyamata okolopa padenga ankandiseka, n'kundipatsa dzina loti Bambo Mbatata. Koma pang'ono ndi pang'ono ndime imodzi inasanduka nyimbo yathunthu, nyimbo imodzi inasanduka ziwiri.

M'masiku omwewo tinaima pa kadoko kena kakutali, dzina lake linandikanika lilime mpaka lero. Tinyumba tofiira ndi tachikasu titakangamira pamiyala, msewu umodzi, tchalitchi chimodzi, basi. Nditangotsika, mphuno yanga inandiuza kuti ndafika ku Chilwa. Nsomba, ana inu! Atayanika pa mathandala aatali kuposa nyumba, zikuuma ndi mphepo yozizira m'malo mwa dzuwa. Ndinaseka ndekha kuti kani azungunso amadya zouma. M'kasitolo kena ndinapeza gogo wina wamkazi akuluka magolovesi ndi ubweya wa nkhosa. Chingerezi changa n'chothyokathyoka, chake kunalibe n'komwe. Ndinamuonetsa zala, n'kuyerekeza kukanda nsambo, n'kuyerekeza kunjenjemera. Gogoyo anandigwira dzanja, n'kulitembenuza, n'kuona zikang'a za nsambo kunsonga kwa zala. Anatenga magolovesi atsopano, n'kudula nsonga zake ndi sizasi, n'kusokerera m'mphepete kuti asamasuke. Nditavala, ndinamuyimbira kanyimbo pomwepo ndi pakamwa, iye akugunda thebulo ndi singano zake zolukira. Anthu ndi amodzi, ana inu, chosiyana ndi nyengo.

Pa ulendo wotsatirawo panakwera nkhalamba ina ya ku Jeremani, a Otto, ndi akazi awo. Bamboyo ankayenda pa njinga ya olumala, akazi awo akukankha. Anali wowonda, khungu ngati pepala, ndipo aliyense ankaona kuti matenda amudya. Madzulo ankakhala pafupi ndi bandi, chala chake chikugunda pa bondo. Tsiku lina anandikodola n'kundiuza kuti iye ndi mkazi wake anakumana pa dansi ali achinyamata, ndipo madokotala amuuza kuti ulendo uno ndi womaliza. Anati, "Ndamulonjeza kuti ndidzavina naye patsogolo pa phiri loyera lija. Mudzatiyimbire yabwino."

Tsiku lija litafika, kunacha ndi mphepo yoluma, yonyamula timadzi toundana tobaya kumaso ngati mchenga. Amagetsi anakana kutulutsa zingwe ndi zokuzira mawu panja, ati n'zoopsa. Popanda magetsi, kiyibodi ndi mayikolofoni zinali zakufa. Mayi Helena anatisonkhanitsa n'kunena kuti lero kulibe kuyimba padenga.

Mtima wanga unayamba wasangalala, ndisakunamizeni. Ndinati ndapulumuka, mayeso apita okha. Koma nditasuzumira pawindo ndinaona a Otto ali kale padenga, atawakuta mabulangete mpaka m'khosi, atavala tayi, akazi awo atavala diresi yabwino pansi pa chikhoti. Ankayang'ana uku ndi uku kufuna bandi.

Ndinati, "Mayi, gitala yanga yakale sifuna magetsi. Ndiloleni ndikwere ndekha."

Anandiyang'ana. "Sitefano, lero kukuzizira kuposa tsiku lija. Palibe akukukakamiza. Ukakalephera pamaso pa anthu onsewa, sindidzatha kukuteteza."

"Ndamva, mayi. Ndiloleni."

Ndinathamangira kukhitchini. Che Yusufu anangotsegula uvuni n'kundiponyera kachewere wamkulu m'matumba onse awiri. "Bisimila," anatero, akundimenya paphewa. Ine ndinachita chizindikiro cha mtanda, n'kukwera.

Padenga panali anthu odzaza, onse atakhala chete, atafinyikira m'makhoti. Kutsogolo kwathu chikhoma chija chinangoti njo, chikung'ung'udza m'kati mwake ngati chamoyo. Ndinaima pafupi ndi a Otto, n'kufumbata mbatata zanga kanthawi, n'kutulutsa manja. Ndinayamba ndi nyimbo yachizungu yodekha imene tinkayimba kodyera. Mphepo inaimeza yonse, ngakhale ine mwini sindinkaimva. Ndinaona nkhope ya mkazi wa a Otto ikugwa. Zala nazo zinayamba kulemera.

Pamenepo ndinati, kufa n'kumodzi. Nyimbo yonyengerera siingalimbane ndi mphepo iyi, ikufunika nyimbo ya paukwati wa kumudzi, yoyimba kuti amve ndi a tsidya lina la mtsinje. Ndinamenya nsambo ndi dzanja lonse, mwa kayimbidwe kathu kodumphadumpha, phazi likugunda pansi, n'kutsegula kukhosi. Ndinayimba ija ndinawapekera agogo anu ku Ulongwe:

Mwaimiranji poteropo, asungwana inu,
fumbi likukudikirani?
Mukapanda kuvina lero,
mawa miyendo ndi ya eni ake.

Palibe mzungu anamva liwu ndi limodzi lomwe, koma mapewa anayamba kugwedezeka. Woyimba ng'oma wathu, mnyamata wachifilipino, anatulukira ndi chidebe n'kuyamba kuchimenya ndi masipuni. Ndiyeno Che Yusufu, amene anabwera ndi thireyi ya tiyi wa alendo, anaiika pansi n'kuyamba kudula manganje, epuloni ikuuluka, bambo wosala kudya tsiku lonse! Anthu anayamba kuwomba m'manja, magolovesi akuti phu, phu, phu.

Zala zitayamba kufa, ndinasiya gitala ikulendewera, n'kupitiriza ndi pakamwa ndi phazi, manja ali m'thumba pa mbatata. Zitadzuka, ndinabwereranso pa nsambo. Anthu ankayesa ndi mmene nyimboyo imayendera.

Ndipo a Otto anakankha mabulangete. Anagwira mkono wa akazi awo, n'kudzikoka, n'kuima. Miyendo inkanjenjemera ngati ya mwana wa ng'ombe wongobadwa kumene. Anthu anawapatsa malo. Anagwira mayiyo m'chiuno, mayiyo anatsamira mutu pachifuwa pawo, n'kuyamba kusuntha, phazi ili, phazi ilo, pang'onopang'ono, koma motsata ng'oma bwinobwino. Mayiyo ankalira ndi kuseka nthawi imodzi. Posakhalitsa denga lonse linali likuvina, nkhalamba zamakhoti onenepa zikugundana ngati matumba a chimanga, ndipo ndinaona ndi maso angawa mayi Helena akutyola chiuno kumbuyo kwa gulu.

Tili pakati pa nyimbo, kunamveka kuphulika ngati bingu la mvula yoyamba. Chibenthu cha chikhoma chija, chachikulu ngati nyumba yosanja, chinang'ambika n'kugwera m'nyanja. Madzi anathovoka m'mwamba, funde linabwera n'kuinyamula sitima yonse mofatsa n'kuitsitsanso. Anthu anakuwa ndi chimwemwe. Che Yusufu anandikuwira kuti, "Achimwene, mwavinitsa ndi phiri lomwe!" Ine sindinaphonye ngakhale nsambo imodzi.

Nditamaliza, a Otto anabwerera pampando wawo akupuma movutikira, nkhope ikuwala. Anandigwira dzanja n'kulimva kuti n'lofunda, n'kudabwa. Ndinatulutsa mbatata m'thumba n'kuwaonetsa. Anaseka mpaka kutsokomola, kenaka anaipempha, n'kuinyema pakati, tinadyera limodzi pomwepo.

Madzulo ake mayi Helena anandiitananso ku ofesi. Ulendo uno anaimirira pondilandira. Za ndege sanatchulenso. Anati kuyambira tsopano, sitima ikaima pa chikhoma chija, woyimba ndi ine, ndipo ndiziyimba za kwathu. Dzina langa analilemba pa chikwangwani cha pakhomo la chipinda chodyera, ndi dzina la dziko lathu pansi pake. Ndinagwira ntchito imeneyo nyengo zingapo, mpaka mawondo atayamba kukana masitepe, ndipo ndinachoka ndekha, anzanga akundiyimbira, osati mochita kubwezedwa.

Koma ndikuuzeni za kubwera kwanga koyamba kutchuthi. Sindinawauze agogo anu tsiku. Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa lija loswa mtengo, phula akuchita kunyezimira. Ndinatsika minibasi pamsewu apo nditavala chikhoti changa cha kumpoto, chofiira, chofika m'mawondo, cha ubweya kuzungulira nkhope, magalasi akuda m'maso, ndevu zoyera zitamera mpaka apa. Agogo anu anali atakhala pambali pa msewu ndi amayi anzawo, akugulitsa tomato. Ataona chimunthu chikubwera, anayamba kuitanira osayang'ana kumaso.

"Tomato, bwana! Wothyola lero, ndikuikirani ndi basera!"

Ndinakhuthalitsa mawu. Ndinati, "Ndigula dengu lonse, ndi mwini wake yemwe."

Anadzuka ngati alumidwa ndi linthumbu. "Abambo inu, ulemu! Ine ndili pabanja. Amuna anga ali kunja, amayimba m'sitima yapamadzi, ndipo akamva zimenezi..."

Ndinavula magalasi.

Dengu linagubuduzika, tomato n'kumwazikira pa phula, lole yodutsa n'kumuponda yense. Iwo sanayang'aneko n'komwe. Nthungululu imene anaimba inaimitsa msika wonse. Anandimenya pachifuwa ndi zibakera ziwiri, akulira, kenaka anabwerera m'mbuyo n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Bambo a Malita, vulani chinthu icho musanandifere pamsewu, anthu angati ndakuphani ndine."

Ndinati, "Iyayi, a Nachisale. Aone kaye."

Ndipo sindinavule. Ndinayenda kuchokera pamsewu mpaka pakhomo pano, gitala kumsana, mkazi wanga pambali, msika wonse uli pambuyo pathu. Thukuta linkayenderera mpaka kudzaza m'nsapato, maso akuchita mdima, koma mutu ndinauimika ngati kaputeni.